Thandizo lakunjali ndi mphatso kapena ngongole, nanga zikawonongeka akonze ndani?

Wa_ku_Mayaka:

Moni a Zomba anzanga. Ndili ndi funso, amene mukudziwa za chitukuko mundithandize osandiseka. Kumudzi kwathu cha ku Mayaka kunabwera bungwe lina zaka zingapo zapitazo, anakumba chitsime chakuya, kuika pampu ya sola, thanki lalikulu lobiriwira pamwamba pa zitsulo, ndi mipopi m'midzi yoyandikana. Tsiku lopereka kunali khwimbi la anthu, azimayi kuvina, amfumu kulankhula, zitenje kugawidwa. Madzi anatuluka ndithu kwa kanthawi, pamenepo sindinganame. Pano thanki lija ndi louma gwa, azimayi anabwerera ku chitsime cha kudambo, chimene chatsala chowala ndi chikwangwani chokha chokhala ndi mbendera ziwiri.

Ndinakafunsa ku ofesi ina ya boma, akuti zimenezo ndi za bungwe. Kupita kumene kunali bungwelo mtauni muno geti ndi lokhoma, mlonda akuti anthuwa anasamuka chisiyireni ndalama za ku America kubwera. A komiti ya kumudzi nawo akuti ife anangotiphunzitsa kutsegula ndi kutseka basi.

Ndiye ine ndikufuna kumvetsa, zinthu zimene amati zamangidwa ndi thandizo lochokera kunja zija, misewu, milatho, masukulu, madzi, kodi amatipatsa ulere kapena ndi ngongole yoti tidzabweza ife ndi ana athu? Ndipo ngati ndi zaulere, zikafa mwini wake amakhala ndani, poti aliyense akuloza mnzake. China chimene chimandizunguza ndi ndalama zimene ndimamva pa wailesi kuti zaperekedwa zolimbikitsira mtendere, dziko lathu lino silinamenyepo nkhondo yapachiweniweni, ndiye mtendere wake akugula uti pamene kwathu kulibe madzi?

Madala_a_pa_Matawale:

Funso lanu si lachibwana achimwene, anthu ambiri ovala mataye sangaliyankhe. Ine ndinagwira za maakaunti m'boma mpaka kupuma ndiye ndikuuzani mmene ndinkazionera.

Mawu akuti thandizo amabisa zinthu zambiri. Zina ndi zaulere zenizeni, zina ndi ngongole yofewa, yoti chiwongoladzanja chake ndi chochepa kwambiri ndipo mumabweza pa zaka 30 kapena kupitirira, atakupatsani zaka zingapo zoyamba osalipira kanthu. Pa wailesi zonsezi amangoti thandizo, wandale sanganene pa msonkhano kuti ndakutengerani ngongole. Msewu wa ku Jali uja, wodutsa ku Phalombe mpaka ku Chitakale, ndalama zake zinali ngongole zochokera ku Kuwait Fund, banki ya maiko a Aluya ya BADEA ndi thumba la OPEC, ndipo mukukumbukira mmene unatilizira, zaka zoposa khumi tikudya fumbi, kontilakita kusinthidwa, mvula ikagwa minibasi kutitimira. Wa Zomba kupita ku Blantyre anaukonzanso ndi ndalama za African Development Bank. A ku China anatimangira nyumba ya malamulo ku Lilongwe ngati mphatso titangowasiya a Taiwan kumapeto kwa 2007, koma Bingu Stadium ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi ngongole. A Japan amakonda zaulere, monga kukulitsa Domasi College kuja ndi magetsi a Tedzani IV amene anayamba kugwira mu 2021. A America kudzera ku bungwe lawo la Millennium Challenge Corporation (MCC) anapereka madola 350 miliyoni aulere a magetsi kuyambira 2013 mpaka 2018, ndi amene anakonzera Nkula A.

Pa misewu pali kachinthu kena kamene anthu sakaona. Ngakhale ndalama zichokere kunja, boma limayenera kuikapo mbali yake, makamaka chipukutamisozi cha anthu amene nyumba, minda ndi mitengo yawo yagwera mumsewu. Boma likachedwa nazo zimenezo kontilakita amangoimika magalimoto pa kampu nkumawerenga masiku, ndipo masiku amenewo amalipiritsa. Ndiye msewu umadula kuposa mmene anaulembera, ife tili phee kunena azungu.

Ngongole zakunja zambiri anatikhululukira mu 2006. Tinayambiranso kukongola, ndipo poti zimabwezedwa m'madola, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ngongole ija inangofufuma yokha osakongolanso kanthu. Komabe ndinene chilungamo, imene ikutimaliza kwambiri pa chiwongoladzanja ndi ya konkuno, imene boma limatenga ku mabanki athu omwewa.

Tsopano za thanki lanulo. Lamulo lake ndi lakuti wopereka amamanga, akapereka makiyi chinthucho chasanduka chathu, kaya cha boma kaya cha mudzi. Kukonza kumayenera kuchokera ku ndalama zoyendetsera maofesi zimene timati ORT, ndipo ORT ndi imene imadulidwa koyamba bajeti ikavuta, imabwera mochedwa, ikabwera yathera mafuta ndi mabilu a magetsi. Kukonza chakale kulibenso riboni yodula, ndiye wandale sakufuna nkomwe.

Koma chifukwa chenicheni chimene a boma akukuuzirani kuti ndi za bungwe chinayamba mu 2013. Kale ma donor ankathira ndalama mu bajeti ya boma mwachindunji, pafupifupi 40 peresenti ya bajeti inkadalira iwo. Itaphulika Cashgate mu September chaka chimenecho, mkulu wa za bajeti a Paul Mphwiyo atawomberedwa, ofufuza za ndalama a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ma donor anatseka mpopi umenewo nkuyamba kudutsitsa ndalama m'mabungwe. Sindikuwada, ndalama ndi za misonkho ya anthu awo. Koma zotsatira zake ndi zimenezi, bungwe limabwera, kupereka moni kwa a DC, kukamanga chinthu chimene sichili mu bajeti ya wina aliyense, zaka zitatu zikatha lapita. Amene atsala alibe mapepala ake, sakudziwa kuti pampu inagulidwa kuti, olo nambala ya amene anaiika. Tinaba tokha, tikulipira tokha.

Nachisale_Namwino:

A Madala mwafotokoza bwino koma ine ndimaopa nkhani ikamapita mbali yoti thandizo ndi lachabechabe, chifukwa ena akawerenga apa ayamba zoti bola angochoka onse. Ine ndimagwira pa health centre ina kunja kwa tauni ndipo ndinakula nthawi imene mashopu a mabokosi amaliro anali mbwee m'mbali mwa msewu. Amene munabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 simungamvetse, Loweruka lililonse maliro, aphunzitsi, asilikali, manesi omwe. Ma ARV aulere anayamba mu 2004 ndi ndalama za Global Fund, ndipo chaka chomwecho kuno ku Zomba Central kunatsegulidwa kiliniki ya Tisungane mothandizidwa ndi bungwe la ku Canada la Dignitas. Anthu amene tinkawanyamula pa wilibala lero ali ndi zidzukulu. Chimenecho si chikwangwani, ndi anthu amoyo.

Ndipo si kuti ife timangolandira ayi. Njira yoti mayi aliyense woyembekezera akapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala pompo mpaka moyo wake wonse, imene amati Option B+, inayambira kuno ku Malawi mu 2011, maiko ena anachita kutengera kwa ife.

Vuto ndi lakuti pa nkhani ya HIV ndalama zoposa 90 peresenti ndi zakunja. Mankhwala enieniwo ambiri amagulidwa ndi Global Fund, pamene a America kudzera ku pulogalamu yawo yolimbana ndi Edzi ya PEPFAR ankalipira anthu ndi zinthu zozungulira mankhwalawo. Ndiye a Trump atasaina zoimitsa thandizo mu January 2025, mabotolo a mankhwala pa shelefu analipo ndithu, chimene chinasowa ndi anthu. Mnyamata wa pa kompyuta amene amalowetsa ma fayilo, achinyamata oyeza magazi, amayi amene amayenda m'midzi kutsatira amene asiya kubwera kudzatenga mankhwala, wa njinga yamoto amene amabwera kudzatenga ma sampulo kupita nawo ku labu, onsewo anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Ife tinatsala ndi mzere wa olandira ma ARV, sikelo ya ana, oyembekezera ndi odwala ena onse a ku OPD, anthu ake omwewo. Agogo ena anandigwira dzanja kundifunsa kuti mwanawe tiyambe kumwa theka kuti achedwe kutha? Ndinachita kuwakalipira mwaulemu kuti asayerekeze. Ena anadzabwerera pa ntchito patapita nthawi, ena mpaka pano ali pakhomo, ndipo USAID yokhayo, bungwe la boma la America lopereka thandizo, inatsekedwa mu July 2025.

Ndiye ine mkwiyo wanga suli kwa amene anachoka. Maboma a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ife zaka zambiri timalephera kufikapo, koma magalimoto a mabwana sitilephera kugula. Zaka 20 munthu wina akukulipirira wogwira ntchito m'chipatala chako, iwe osaganizako zomulemba pa payroll yako olo mmodzi mmodzi chaka chilichonse?

Kabaza_Chinamwali:

Kkkkk inu mukuvutika kulemba ma paragraph. Thandizo limathera m'malodge a ku Liwonde ndi ku Mangochi basi. Ine ndimawanyamula anthuwa pa njinga Lachisanu akamachokera ku wekishopu, chikwama chatsopano, t-shirt yatsopano, envelopu mthumba, ukawafunsa mwaphunzira chani akuti zinali bho chakudya chinali chambiri. Munthu mmodzi yemweyo sabata ino za jenda, sabata yamawa za nyengo, inayo za mtendere. Ma Land Cruiser oyera amatithira matope pa Chinamwali apa, galimoto imodzi mtengo wake mijigo ingati? Za mtendere zo ndiye musandiyambe, kukhala mu holo ya ma AC kumauzana kuti tizikondana, kusaina alawansi, kubalalika. Ndipatseni ine ndalamazo ndigule njinga ina muone mtendere umene ukhale kunyumba kwanga.

Mekaniki_wa_mijigo:

Achimwene a ku Mayaka, ine ndiyankhe za madzi zokhazo poti ndi ntchito yanga, ndimakonza mijigo m'midzi ya kuno.

Choyamba musathamangire kuti pampu yafa. Ma sisitimu a sola amenewa kawirikawiri chimene chimavuta ndi kabokosi ka controller, kapena mawaya adyedwa ndi makoswe, kapena mapanelo abedwa ena, kapena madzi pansi atsika nthawi ya chilimwe pampu nkumakoka mphepo. Nthawi zina ndi paipi yokwera ku thanki yaphulika pansi pa nthaka. Ndinapitako pena pamene anthu anakhala miyezi akumwa ya mumtsinje, ndikukwera pamwamba ndinapeza mapanelo ali bii ndi fumbi ndi zitosi za mbalame, waya mmodzi wothothoka. Pena ndiye imakhaladi pampu yapsa, pamenepo ndi ndalama zambiri ndipo zida zake mpaka ku Blantyre.

Nchifukwa chake ine mjigo wa Afridev ndimaulemekeza ngakhale anthu amauona ngati wachikale. Zimene zimatha msanga ndi timarabala, ma bush ndi ma rodi, zinthu zoti komiti ikamatolera kandalama pa khomo lililonse mwezi ndi mwezi ingagule yokha, ndipo kusolola ma rodi anthu a m'mudzi momwemo amatha ndi sipanala imodzi. Koma mabungwe masiku ano akukonda za sola poti zimaoneka bwino pa chithunzi, ndipo zoona zimapeputsa azimayi, kungoti amasiya chinthu chodula m'manja mwa komiti imene sinauzidwe kuti pakatha zaka zingapo pafunika ndalama zingati.

Kumene ndimaona zikuyenda ndi kumene anthu amalipira madzi, kaya pa ndowa kaya pa mwezi, ndalama nkumasungidwa ku akaunti kapena pa foni osati m'chitini kwa msungichuma. Kumene anauzidwa pa tsiku la zitenje lija kuti madzi ndi aulere, kumeneko ndiye kumafa msanga, ukapita kukatolera amakuuza kuti azungu anatipatsa iwe ndiwe ndani. Kwinanso ndalama amatolera ndithu koma maliro akagwa amabwereka, amfumu akafuna ya transipoti amabwereka, tsiku lowonongeka m'buku muli ziro.

Akuluakulu a ku Chingale angakuuzeni, mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'phiri inayambira kwawoko mu 1968, ndipo anthu ankakumba okha ngalande za mapaipi ndi makasu awo, boma ndi othandiza nkubweretsa mapaipi ndi amisiri. Njira imeneyo inafalikira mpaka ku Mulanje ndi madera ena. Munthu amene anatuluka matuza pokumba ngalande saonerera mwana akuthyola mpopi.

Poti bungwe linapita, njira yake ndi iyi, komiti ilembe kalata kudzera ku komiti ya chitukuko ya mudzi (VDC), ipite ku ya dera (ADC), khansala aidziwe, ifike kwa a zamadzi a pa boma. Alipo alangizi a zamadzi amene amayendera madera, vuto lawo nthawi zambiri ndi mafuta a njinga. Ku makhonsolo kwakhala kukubwera ndalama za chitukuko za CDF, za DDF, komanso za pulojekiti ya GESD zochokera ku World Bank zimene khonsolo imalandira malinga ndi mmene yakhozera pa kayendetsedwe ka ndalama. Koma chinthu chimene sichinalembedwe mu pulani ya mudzi sachiyang'ana, ndiye osangodandaula pa Facebook.

MwanaWaChirunga:

A Kabaza mwandiseketsa ndipo theka la zimene mwanena ndi zoona, chikhalidwe cha alawansi chinatiwononga, pali anthu sangapite ku msonkhano wa chitukuko cha mudzi wawo womwe ngati kulibe envelopu. Koma pa za mtendere ndikutsutsani pang'ono.

Dziko lino kusamenya nkhondo sikutanthauza kuti sitinafikepo m'mphepete. Mu March 1992 mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija, ophunzira a pa Chanco pompano anali m'gulu la oyamba kuguba, mu May ma donor atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse losakhala la zachifundo mpaka a Kamuzu asinthe pa za ufulu wa anthu. Chaka chomwecho kunabadwa PAC, komiti ya azipembedzo ndi magulu ena, imene inakhala pa tebulo ndi boma, mpaka riferendamu ya pa 14 June 1993. Anthu anamenyera okha ufulu wawo, koma kutsekedwa kwa mpopi kuja kunafulumizitsa zinthu, tisanamizane. Mu 2011 zinabweranso, a Bingu anathamangitsa kazembe wa Britain mu April, a Britain nkuimitsa thandizo la bajeti, mafuta kusowa, Chanco yotseka miyezi yambiri pa nkhani ya ufulu wa aphunzitsi, kenako pa 20 July anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero. A MCC anaimika madola 350 miliyoni a magetsi amene a Madala anena aja, anadzawatsegula a Joyce Banda atalowa mu 2012. Zitachitika za pa 20 July, a UN ndi amene anakhazika boma ndi mabungwe pa tebulo limodzi, ndipo maganizo oti pakhale njira yokhazikika yothetsera mikangano anakula kuchokera pamenepo, ndondomeko ya mtendere inatuluka mu 2017, lamulo lake mu 2022, ndi limene linakhazikitsa Malawi Peace and Unity Commission ndi makomiti a m'maboma.

Ndalama za mtendere zimapita ku zinthu ngati zimenezo, komanso ku makomiti amene amakhazika zipani pamodzi nthawi ya kampeni kuti awa achite msonkhano pa bwalo lakuti Loweruka enawo Lamulungu, anyamata asakumane ndi zikwanje. Zimapita ku NICE imene inayamba mu 1999 ndi ndalama za EU, ija imakonza misonkhano yoti ofuna ukhansala ndi uphungu ayankhe mafunso pamaso pa anthu. Kumudzi mikangano yake ndi ya malire a minda, ufumu, madzi a mu Likangala pakati pa akumtunda ndi olima mpunga kumunsi, asodzi a ku Chilwa nthawi yotseka nyanja. Kuvuta kwake ntchito imeneyi ikayenda bwino palibe chooneka, sungajambule ndewu imene sinachitike, pamene lodge ndi alawansi zimaoneka. Kuti ena amadyerapo, amadyerapo ndithu.

Koma funso la a ku Mayaka lija, Zomba yathu ino ndi kalasi yabwino kwambiri. Ku Mwandama cha ku Thondwe kunali Millennium Village, mudzi wachitsanzo wothetsera umphawi, maganizo a katswiri wa zachuma wa ku America Jeffrey Sachs, kuyambira cha mu 2006. Feteleza, mbewu, nkhokwe yaikulu ya chimanga, chakudya kusukulu, zipatala, zonse nthawi imodzi, mpaka mkulu wa UN Ban Ki-moon anafika konko mu May 2010. Chimanga chinachuluka zoona. Pulojekiti inatha mu 2015, ndipo atawunika midzi yonse yotere mu Africa anapeza kuti pa zaumoyo ndi ulimi zinthu zinasintha, koma pa umphawi weniweniwo kusintha sikunaoneke bwinobwino. Mlimi amene anazolowera feteleza wa pulojekiti anabwerera pa mzere wa makuponi ngati wina aliyense.

Kunalinso kafukufuku wotchuka dziko lonse lapansi amene anachitikira m'boma lino mu 2008 ndi 2009, atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo ankalandira madola ochepa pa mwezi, ena pokhapokha azipita kusukulu, ena popanda lamulo lililonse. Okakamizidwa sukulu aja anakhalitsa m'kalasi, olandira mwaulere aja mimba ndi maukwati zinachepa. Ofufuza atabwerera patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, zambiri mwa zabwinozo zinali zitazilala. Ena amati ndiye kuti zinalephera, ine ndimati zinagwira ntchito nthawi imene zinalipo, ngati mmene ma ARV amagwirira ukamamwa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006, kuno ku Zomba kwa zaka zambiri akhala akulipira ndi a EU, maboma ena a Germany, Ireland ndi World Bank, boma lathu nkumalipira Thyolo yokha. Agogo amene amalandira ku Jali kapena ku Kachulu sadziwa kuti kandalama kawo kamadalira nyumba za malamulo za ku Ulaya.

Kabaza_Chinamwali:

Aphunzitsi mwalemba buku lonse kkkk. Chabwino za 1992 ndavomera, bambo anga amazikamba. Koma yankhani ichi, msewu wa Lirangwe kudutsa ku Chingale mpaka Machinga aulonjeza kangati? Kampeni iliyonse mwala wa maziko. Kumeneko ndiye kulibe mzungu woti timunamizire. Ndipo ma toll gate a pa Chingeni ndi Kalinyeke aja amati ndalama zake nzokonzera misewu, pa lita iliyonse ya petulo imene ndimathira palinso levy ya misewu, nanga maenje a mtauni muno amene akundithera ma shock akudikira donor wake uti?

Madala_a_pa_Matawale:

Apa ndiye mwalasa a Kabaza. Levy ya pa mafuta ndi ya ma toll gate zimapita ku Roads Fund Administration, ndipo cholinga chake ndi chimenecho, kukonza misewu ndi ndalama zathu. Kungoti mitengo ya mafuta ikamagwiridwa pansi kwa nthawi yaitali pofuna kusangalatsa anthu, makampani obweretsa mafuta amakhala akuluza ndipo ma levy aja safika mokwanira. Onjezani Freddy wa mu March 2023 amene anakokolola milatho ndi misewu kum'mwera kuno, ndalama yokonzera maenje inathawira ku zadzidzidzi. Mayi Nachisale, mfundo yanu ya payroll ija ndi imene tinkaikamba m'maofesi kalekale, pepala lililonse la pulojekiti limakhala ndi tsamba lonena kuti boma lidzapitiriza, timasaina tonse tikudziwa kuti mu bajeti mulibe mzere wake.

Wa_ku_Mayaka:

Zikomo nonse, ndatolapo zambiri, za Cashgate zija sindinkazilumikiza nkomwe ndi thanki la kwathu. A Mekaniki, ndaimbira achemwali anga kumudzi akuti mapanelo onse alipo sanabedwe, koma kabokosi kaja kanayamba kuyaka nyali yofiira kenako kanazima, ndipo zinachitika itagwa mvula ya mabingu. Za buku la komiti akuti msungichuma anapita ku Joni chaka chatha, buku lili ndi akazi ake.

Mekaniki_wa_mijigo:

Ngati zinachitika ndi mabingu ndiye mwina ndi controller yapsa ndi mphenzi, pampu pansipo ikhoza kukhala ili bwinobwino, ambiri oika ma sisitimu amenewa saika zoteteza ku mphenzi. Auzeni achemwali ajambule kabokosiko kutsogolo ndi pa sitika ya m'mbali pamene pali manambala, muike pano tione ngati ikupezeka ku Limbe. Wina asatsegule mkati mapanelo ali olumikiza, magetsi ake amapha olo kuli mitambo. Bukulo akalitenge kwa mayiwo pamaso pa amfumu, muone kuti munatsala zingati musanayambe kuuza anthu zosonkha.